Busa nalo limafuna kudya

Ng'ombe ikatuluka m'mawa imapita kubusa n'kukadya tsiku lonse. Dzuwa likapendeka imabwerera kukhola, ndipo zambiri mwa zomwe yadya masana imakazitulutsa kumeneko usiku. Mwini wake amadikira kuti ndowe ziunjikane, kenaka n'kuzitapa kupita nazo kumunda kapena kudimba. Chaka ndi chaka zinthu zimayenda choncho. Chonde chimanyamuka kubusa, chimadzera m'mimba mwa ng'ombe, chimagona m'khola, n'kukathera kumunda, ndipo palibe amene amachibweza komwe chinachokera. Busa likayamba kuyera, msipu wabwino n'kusowa, m'malo mwake n'kumera zitsamba zomwe ngakhale mbuzi imazinyoza, timati mvula yavuta kapena ziweto zachuluka. Mwina n'zoona. Koma pali china chimene sitikonda kuchitchula: busalo takhala tikulibera.

Ndikuti busa liyenera kulandirako manyowa, ndipo manyowa ake akhale owoleratu, a kompositi. Komabe ndinene msanga, wina asanakoke ngolo: kompositi wothira pabusa lomwe ziweto sizichokapo ndi thukuta lotaya. Mfundo ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo ambiri amene amatamanda kompositi masiku ano amangotola yoyambayo.

Tiyambe ndi bodza lokoma lija loti busa limadzidyetsa lokha. Lili ndi kachoonadi kake. Pa michere yomwe ng'ombe imadya mu udzu, monga nayitorojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, yochepa chabe ndi imene imatsala m'thupi kapena kupita mu mkaka. Yambiri, kuposa magawo atatu mwa anayi, imatuluka mu ndowe ndi mkodzo. Vuto ndi komwe imagwera. Ng'ombe imadya paliponse koma siitaya paliponse. Imataya kwambiri pamene imapuma: pamthunzi, pomwera madzi, pachipata, ndi m'khola. Mkodzo wa ng'ombe ya mkaka ukagwa pamalo amodzi, kamalo kameneko kamalandira nayitorojeni wochuluka zedi, woti mutawerengera pa hekitala akhoza kufika makilogalamu 1,000. Palibe udzu umene ungamwe zonsezo. Wina amauluka ngati mpweya, wina amatsika ndi madzi kupitirira pamene mizu imafika. Pamenepo mamita awiri okha kuchokera pa kamaloko udzu uli wachikasu ndi njala.

Ndowe nazo, zikangogwa n'kuuma pamwamba, zimaphimba udzu, ndipo ng'ombe imazemba msipu womera mozungulira ndowe zake. Amene anaona bwino vuto limeneli ndi anthu a ku Australia. Ng'ombe zinafika m'dzikomo mu 1788, koma tizilombo takomweko tokwirira ndowe tinazolowera ndowe zouma za kangaroo, ndipo za ng'ombe sitinkazikwanitsa. Ndowe zinkangokhala pamtunda miyezi ndi miyezi, zikutseka msipu ndi kuswa ntchentche. Zinatengera bungwe la kafukufuku la CSIRO, motsogozedwa ndi George Bornemissza kuyambira m'zaka za m'ma 1960, kuitanitsa mitundu yoposa 40 ya tizilombo tokwirira ndowe, tambiri kuchokera kummwera kwa Africa ndi kummwera kwa Ulaya. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa poyera kuti ndowe si chonde. Zimasanduka chonde zikalowa m'nthaka, ndipo pamafunika wozilowetsa.

Nanga bwanji osangotapa ndowe za m'khola n'kukazimwaza kubusa momwe zililimo? Chifukwa ndowe zaziwisi zimanyamula zambiri zomwe mlimi sazifuna. Muli mazira a njoka za m'mimba, amene mukawamwaza pamsipu ndiye kuti mwawabwezera pakamwa pa ng'ombe. Muli njere za tchire zomwe zadutsa m'mimba zili zamoyo. Mulinso tizilombo ta matenda. Mulu wa kompositi wokonzedwa bwino umapha zambiri mwa zimenezi ndi kutentha kwake. Malamulo a ku United States amafuna kuti mulu ufike madigiri 55 kwa masiku osachepera atatu, ndipo ngati ndi mulu wautali wotembenuzidwa, masiku 15 ndi kuutembenuza kasanu, kuti za m'mphepete nazo zilowe pakati zikapse. Kutentha kumeneku sikubwera mwangozi. Kumafuna zouma monga mapesi, udzu wogonera ziweto ndi masamba zisakanizidwe ndi ndowe, mwakuti kaboni, amene amapezeka wambiri mu zoumazo, achuluke pafupifupi ka 30 kuposa nayitorojeni. Kumafuna mpweya. Kumafunanso chinyezi choti mukafinya m'dzanja pamangotuluka kadontho, osati kuchucha. Izi si zatsopano. Albert Howard anazilongosola ku Indore m'dziko la India m'zaka za m'ma 1920, ataphunzira zambiri kwa alimi akomweko. Mulu ukamanunkha ngati mkodzo, nayitorojeni akuthawa ndipo mukufunika zouma. Ukamanunkha ngati dzira lovunda, wabanika ndi madzi. Ukapsa umanunkha ngati dothi la m'nkhalango, ndipo simungalozenso kuti ichi chinali ndowe, ichi phesi.

Ambiri amalakwitsa poyesa kompositi ngati feteleza wa munthu wosauka. Mukamuyeza pa sikelo ya feteleza, kompositi aluza kutali. Nayitorojeni wake nthawi zambiri amakhala 1 kapena 2 peresenti ya kulemera kwake akauma, ndipo chaka choyamba amangotulutsako pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi. Wotsalayo amatuluka mwakachetechete m'zaka zotsatira. Wofuna udzu wobiriwira sabata yamawa asavutike ndi kompositi.

Ntchito yake yeniyeni ili kwina. Nthaka ya pabusa imadwala matenda akeake, osiyana ndi a m'munda. Munda umalimidwa, busa limapondedwa. Ziboda za ng'ombe zikamaponda malo amodzi, makamaka nthaka ili yonyowa, timipata ta mpweya ndi madzi timatsekeka. Pamwamba pamauma gwa ngati pabwalo. Mvula ikagwa siilowa, imathamanga n'kutenga dothi lapamwamba, ndipo pakapita sabata udzu wayamba kale kufota ngati mvulayo sinagwe. Kompositi akamwazidwa pamwamba amayamba ndi kuteteza nthaka ku dzuwa ndi ku madontho a mvula. Kenaka amadyetsa zamoyo za m'nthaka: nyongolotsi, chiswe, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Izi n'zimene zimamutsitsa pansi, zikuboola tinjira, zikumata tinthu ta dothi kuti tikhale timibulu togwirana. Nthaka ya timibulu imamwa madzi n'kuwasunga. Mizu imapeza polowera. Ndipo mizu ya udzu ikamakula n'kumafa chaka ndi chaka, imasiya m'nthaka zowola zochuluka kuposa zomwe munabwera nazo pa ngolo. Kompositi amangoyatsa moto. Nkhuni zake ndi mizu. Choncho palibe chifukwa chogaulira busa kuti mukwirire manyowa. Khasu lingawononge mizu yomwe mukufuna kuipulumutsayo.

Umboni umene umatchulidwa kawirikawiri ukuchokera ku California. Mu 2008 gulu lotchedwa Marin Carbon Project linayamba kuyesa zimenezi pa famu ya John Wick ndi Peggy Rathmann ku Nicasio, mogwirizana ndi Whendee Silver wa ku yunivesite ya California ku Berkeley. Anamwaza kompositi kamodzi kokha, wochindikala pafupifupi sentimita 1.3, pamabusa a madera awiri osiyana nyengo. Zotsatira zomwe Rebecca Ryals ndi Silver anatulutsa mu 2013 zinaonetsa kuti udzu unachuluka pamalo othiridwawo m'zaka zonse zitatu za kafukufukuyo, popanda kuthiranso, ndipo nthaka inkasunga madzi bwino. Kuyambira 2017 boma la California lakhala likuthandiza alimi ndi ndalama kuti azithira kompositi pamabusa kudzera mu ndondomeko yake ya Healthy Soils.

Zotsatira zimenezi ndimazikhulupirira. Chimene sindikhulupirira ndi mmene anthu amazinenera, ngati kuti aliyense angangodzuka n'kuchita chimodzimodzi. Tiyeni tiwerengere. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000. Kuiphimba ndi kompositi wochindikala sentimita 1.3 kukufuna makyubiki mita 130. Ngolo yonyamula kyubiki mita imodzi iyenda maulendo 130, pa hekitala imodzi yokha. Kumbukiraninso kuti mulu ukamapsa umaphwa, kawirikawiri mpaka theka, ndiye zoti musonkhanitse n'zochuluka kuposa pamenepa. Kompositi wa ku California uja sanachokere m'khola la pafamupo. Anachokera ku zinyalala za zomera zosonkhanitsidwa kwina n'kubwera pa malole. Mlimi wodalira khola lake lokha sangaphimbe busa lonse, ngakhale atagwira ntchito usana ndi usiku. Womuuza kuti angathe sanagwirepo fosholo.

Ena akafika apa amataya mtima n'kunena kuti basi, kompositi pabusa ndi maloto a anthu olemera. Ine ndikukana. Masamu aja sakuti tisiye. Akuti tisankhe. Busa silidwala lonse mofanana. Pali malo amene afika poyera mbee, pamene mvula imayambira kukumba. Pali motsetsereka momwe dothi lapamwamba linapita kale. Pali m'mbali mwa njira za ziweto. Pali kachigawo komwe mukufuna kubzalamo udzu watsopano kapena mbewu za m'gulu la nyemba zodyetsa ziweto. Amenewa ndiwo malo a kompositi. Pamthunzi ndi pomwera madzi musathirepo, pamenepo michere yachuluka kale, vuto lake ndi kupondedwa. Kotala ya hekitala chaka chino, kotala ina chaka chamawa. Poti kompositi amagwira ntchito zaka zingapo, simubwerera msanga pomwe mwathira kale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Nthawi yothira ndi pamene mvula yayandikira kapena yangoyamba, udzu uli waufupi, kuti manyowa akhudze dothi ndipo chinyezi chiwalowetse. Kuthira pakati pa chilimwe n'kupatsa mphepo. Kuthira pa nthaka yodzaza kale madzi n'kupatsa mtsinje, komanso matayala ndi ziboda zokoka ngolo zimagogomeza nthaka yomwe mwabwera kudzaichiritsa.

Tsopano pa mfundo imene ndikuiona kuti ndi mutu wa nkhani yonse. Mukathira kompositi, udzu woyamba kuphuka pamenepo umakhala wanthete ndi wokoma kuposa wina uliwonse pabusapo. Ng'ombe si yopusa. Imalunjika pomwepo. Imadya, mawa n'kubweranso, mkuja n'kubweranso, kamphukira kalikonse kakangotuluka n'kukadula. Udzu ukadulidwa umaphukanso pogwiritsa ntchito chakudya chomwe unasunga m'tsinde ndi m'mizu. Ukadulidwanso usanabweze chakudyacho, mizu imafupika. Ukadulidwa kachitatu, kachinayi, umafa. Mapeto ake malo omwe munawakonda kwambiri ndi amene amadyedwa kwambiri ndi kupondedwa kwambiri, ndipo pakutha pa nyengo amaoneka ngati simunathirepo kanthu. Kenaka mlimi amati kompositi sagwira ntchito.

André Voisin, mlimi komanso katswiri wa sayansi wa ku Normandy m'dziko la France, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1950. Anaona kuti chimene chimapha busa si kuchuluka kwa ziweto kokha ayi, komanso nthawi: masiku amene ziweto zimakhala pamalo amodzi, ndi masiku amene malowo amapuma zisanabwerere. Ng'ombe zochepa zosachoka pamalo zikhoza kuwononga kuposa ng'ombe zambiri zodya masiku awiri n'kusamuka. Ine nditati ndisankhe chimodzi pakati pa kompositi ndi kupumitsa busa, ndingasankhe kupumitsa, mosazengereza. Kupumitsa kopanda kompositi kumachiritsa malo ambiri, ngakhale pang'onopang'ono. Kompositi wopanda kupumitsa sachiritsa kanthu. Koma pali malo ena amene afika poti kupuma kokha sikuwadzutsa, chifukwa pamwamba pauma moti njere ikagwa siipeza pogwira. Pamenepo m'pamene ziwirizi zimafunana. Choncho musanayambe kuunjika mulu, yambani mwadzifunsa kuti malowo muwatchinga ndi chiyani, waya, minga kapena m'busa watcheru, ndipo ziweto zikadya kuti pa masabata omwe malowo akupuma. Ngati funso limeneli lilibe yankho, manyowawo apite kumunda.

Ndatchula munda, ndipo wotsutsa wanga wamphamvu ali kumeneko. Iye akuti: manyowa ndi ochepa, munda umadyetsa anthu, busa limadyetsa nyama, ndiye wanzeru athira kuti? Funsoli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Pa chaka chimodzi, ngolo ya manyowa imabweza zambiri m'munda kuposa pabusa. Banja lomwe likuwerenga matumba a chakudya silingauzidwe kuti lidyetse udzu. Koma wotsutsayu aiwala kumene manyowa a m'munda mwake amachokera. Khola silipanga chonde, limangosonkhanitsa. Busa likatha, ng'ombe zimawonda, ndowe zimachepa, ndipo munda uja umayamba kumva njala yomweyo, mochedwerapo chabe. Sindikupempha theka. Ndikupempha kuti pa ngolo khumi, imodzi kapena ziwiri zitembenukire komwe zinachokera. Ndiponso manyowa ambiri satayika chifukwa cha busa. Amatayika m'khola momwemo, pamene mulu umakhala padzuwa ndi pamvula, madzi akuda akuyenderera kunka kunsi, mkodzo ukulowa pansi popanda udzu wouyamwa. Mlimi woyala udzu wouma m'khola ndi kufunditsa mulu wake apeza kuti ngolo ya busa ija yatuluka mu zomwe ankataya.

Pali ngozi zingapo zomwe okonda kompositi sakonda kuzikamba, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mankhwala ena ophera tchire la masamba otambalala pamabusa, monga aminopyralid ndi clopyralid, amadutsa m'mimba mwa ng'ombe osawonongeka, ndipo kutentha kwa mulu sikuwathetsa. Mu 2008 ku Britain alimi ambiri a timinda ting'onoting'ono anaona tomato, mbatatesi ndi nyemba zawo zikupiringizika masamba chifukwa cha manyowa oterewa. Pabusa, mankhwalawa amapha mbewu za m'gulu la nyemba, zomwe ndi zimene zimakokera nayitorojeni wa mumpweya m'nthaka kwaulere. Wogula manyowa kapena udzu kwa mnzake afunse zomwe zinapoperedwa. Akakayika, adzale nyemba zingapo m'chitini cha kompositiyo n'kuona mmene masamba atulukire. Mankhwala a njoka za m'mimba a mtundu wa ivermectin nawo amatuluka mu ndowe n'kupha mphutsi za tizilombo tokwirira ndowe tija. Kompositi wochokera ku zinyalala za m'mizinda amabwera ndi tizidutswa ta pulasitiki ndi magalasi, ndipo ng'ombe siisankha pomeza. Kuthira manyowa a ziweto malo amodzi chaka ndi chaka kumaunjikanso fosifolasi, amene akakokoloka amakadetsa madzi a m'madamu ndi m'mitsinje ndi ndere. M'mphepete mwa madzi musiyemo mpata.

Palinso mabusa amene ndinganene kuti musawakhudze n'komwe. Busa lachilengedwe lomwe silinalimidwepo, lokhala ndi mitundu yambirimbiri ya udzu ndi maluwa, kawirikawiri limakhala choncho chifukwa nthaka yake ilibe michere yambiri. Mukaidyetsa, mitundu yochepa yadyera imakula msanga n'kuphimba inzake. Ku Rothamsted, malo a kafukufuku wa zaulimi ku England, kuli munda wa udzu wotchedwa Park Grass umene akhala akuuyesa kuyambira 1856. Zigawo zosathiridwa kanthu zili ndi mitundu ya zomera yoposa 30, pamene zina zothiridwa feteleza wambiri wa nayitorojeni zinatsala ndi mitundu yowerengeka pa zala. Kompositi ndi wofatsa kuposa feteleza ameneyo, komabe ndi chakudya ndithu. Ndi mankhwala a nthaka yodwala, ndipo wamoyo sitimumwetsa mankhwala.

Mawu amodzi pa nkhani ya kaboni, poti ndi imene yakweza kompositi m'misonkhano ikuluikulu. Kuyambira pa msonkhano wa zanyengo wa ku Paris mu 2015, pomwe dziko la France linayambitsa ndondomeko ya 4 pa 1,000, yofuna kuti kaboni wa m'nthaka aziwonjezeka ndi magawo 4 pa 1,000 chaka chilichonse, nthaka yakhala ikutchulidwa ngati nkhokwe yosungiramo mpweya wotenthetsa dziko. N'zoona kuti zowola za m'nthaka, kuposa theka lake ndi kaboni, ndipo manyowa amaziwonjezera. Ku Rothamsted komweko, m'munda wa tirigu wa Broadbalk, chigawo chomwe chakhala chikulandira matani 35 a manyowa pa hekitala chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1840 chili ndi kaboni woposa kawiri wa zigawo zosathiridwa. Koma taonani kuchuluka kwa manyowawo ndi kutalika kwa zakazo, ndipo kukwerako kunayamba mwachangu kenaka n'kumachedwa, chifukwa nkhokweyi imadzaza. Komanso kutenga zowola pamalo ena n'kukaziika pena sikuchotsa kanthu mumlengalenga. Chopindula chenicheni ndi udzu ndi mizu yoonjezera yomwe yamera chifukwa cha kompositiyo. Mlimi athire chifukwa cha msipu ndi madzi, zomwe adzaziona ndi maso ake. Za kaboni zikabwera ndi ndalama, alandire, koma asamange khola pa lonjezo limenelo.

Chovuta kuposa zonse, chomwe sayansi ya nthaka singachithetse, chili pamabusa odyetsapo anthu ambiri. Ndani angakoke ngolo ya manyowa ake kukathira pomwe ng'ombe za mnzake zidzadye mawa? Palibe, ndipo sindingamunene kuti ndi wouma mtima. Pamalo otere ntchito imayamba ndi pangano la eni ziweto onse loti chigawo chakuti chitsekedwa nyengo ino, ndipo wophwanya alipira. Pangano likagwira kwa nyengo imodzi, anthu n'kuona udzu utabwerera, nkhani ya manyowa imadzakambika mosavuta. Kuyamba ndi manyowa pangano lisanakhalepo n'kuyambitsa mkangano.

Kwa amene ali ndi busa lakelake ndipo akukayika zonse ndanenazi, asandikhulupirire ine. Asankhe malo oyera, awagawe panayi, chigawo chilichonse mamita asanu m'litali ndi asanu m'lifupi. Choyamba achisiye momwe chilili. Chachiwiri athire kompositi osatchinga. Chachitatu atchinge osathira. Chachinayi athire ndi kutchinga. Kompositi wochindikala sentimita imodzi pa chigawo chotere ndi malita 250, mawilibala anayi kapena asanu basi. Mvula ikatha, adule udzu wa chigawo chilichonse n'kuuyeza. Kenaka atenge chitini chobowola mbali zonse, achikhomere pansi pang'ono, athiremo madzi ofanana pa chigawo chilichonse, n'kuwerenga mphindi zomwe madziwo atenge kuti alowe. Chaka chachiwiri abwerezenso kuyezako osathiranso kanthu, chifukwa kompositi amayamba kuoneka bwino pamene mwini wake wayamba kumuiwala.